Miyezi ina m'kalasi, miyezi ina pakhoma: mmene ntchito yomanga imaphunziridwira

Munthu wodutsa m'tauni ya Mangochi kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera njira ya ku Monkey Bay amaona yekha kuti boma lino likumangidwa tsiku ndi tsiku. Pano akuutsa sitolo, apo mzikiti, patsogolo malo ogona alendo, ndipo kuseri kwa zonsezi kuli nyumba za anthu wamba zimene zimakwera pang'onopang'ono, mizere ingapo ya njerwa chaka chino, denga chaka chamawa, malinga ndi mmene ndalama za ku Joni kapena za kunyanja zikubwerera. Ntchito yomanga ilipo, ndipo achinyamata oifuna ndi ochuluka m'boma limene kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 1.1 miliyoni. Chimene chimavuta makolo ndi ana awo n'chakuti mnyamata kapena mtsikana alowere khomo liti kuti adzatchedwe mmisiri, osati kukalamba akukankha wilibala ya amisiri ena.

Makomo amene anthu anawazolowera ndi awiri. Loyamba ndi la udakaboyi: mnyamata amayamba ndi ganyu wosakaniza matope ndi kututa njerwa, maso ali pa manja a bilidala, mpaka tsiku lina amapatsidwa chipande kuti amalize kachigawo ka khoma la kuseri kumene mwininyumba safikako kawirikawiri. Amisiri ambiri amene amanga Mangochi, Namwera ndi Makanjira anadzera njira imeneyi, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri enieni amene sitiyenera kuwapeputsa. Vuto lake n'lakuti wophunzirayo amatengera zonse za mbuyake, zabwino ndi zolakwika zomwe, osadziwa kusiyanitsa, ndipo pomaliza alibe pepala lililonse loti n'kuonetsa kwa kontirakitala wa ntchito za boma. Khomo lachiwiri ndi la kalasi lokhalokha, limene limatulutsa munthu wodziwa kutchula mayina a zida zonse ndi kujambula maziko pa pepala, koma amene dzanja lake silinazolowere kusanja njerwa dzuwa likuswa mtengo, kapitawo akuwerenga maola.

Njira imene ikufotokozedwa pano imalumikiza makomo awiriwa. Wophunzira amakhala nthawi ina kukoleji, kenaka amatumizidwa kwa olemba ntchito kukagwira ntchito yeniyeni, nthawi imene ophunzirawo amaitcha atachimenti, ndipo akatero amabwereranso m'kalasi ali ndi mafunso amene anatola kumalo omanga. Kusinthanaku kumabwerezedwa mpaka amalize. M'dziko muno dongosololi lili m'manja mwa bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amayenera kupereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, poganizira kuti amene adzapindule ndi amisiri ophunzitsidwa bwino ndi iwo omwe. Maphunziro a m'kalasi amachitikira m'makoleji akuluakulu a Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, m'makoleji ena a mipingo ndi a anthu, komanso m'makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015 kuyambira ndi ya Ngara ku Karonga, ndipo Mangochi nayo ili ndi yake. Ntchito zophunziridwa zokhudza nyumba ndi monga kusanja njerwa, ukalipentala, upulambala, kuika magetsi, kuwotcherera zitsulo ndi kupenta.

Makolo ambiri amasokonezeka ndi mapepala, ndipo n'zomveka. Kwa zaka zambiri kunali mayeso a Trade Test a unduna wa zantchito, oyambira giredi 3 kukwera mpaka giredi 1, kunalinso satifiketi za Malawi Craft zodzera ku MANEB, ndiponso satifiketi za TEVET zokhala ndi magawo oyambira loyamba mpaka lachinayi. Boma lakhala likugwirizanitsa zimenezi kuti wolemba ntchito asamavutike kudziwa kuti pepala limene lili m'manja mwake likutanthauza chiyani. Mfundo yaikulu ya kayesedwe katsopano ndi yakuti munthu asapambane chifukwa choloweza, koma chifukwa chochita: amange ngodya ya khoma woyesa akuona, aiyeze ndi levulo, chida choonera ngati khoma lawongoka, ndipo ikapendama abwerezenso.

Ena amafunsa kuti kalasi ndi yachiyani kwa munthu amene ntchito yake ndi ya manja. Yankho limaoneka bwino tikatenga konkire. Anthu ambiri, ngakhale amene amanga kwa zaka, amakhulupirira kuti simenti imalimba chifukwa chouma, choncho dzuwa la ku Mangochi amaliona ngati mnzawo pantchito. Zoona zake n'zosiyana: simenti imalimba chifukwa chogwirana ndi madzi, ndipo kugwiranaku kumatenga masiku. Mphamvu imene akatswiri amawerengera pojambula nyumba ndi ya konkire ya masiku 28, ndipo pa masiku 7 oyambirira imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo, ngati yasungidwa yonyowa. Madzi akathawa msanga, kulimbako kumaimira panjira, pamwamba pamachita ming'alu, ndipo pakapita chaka pansi pa nyumba pamayamba kufumbutuka. Komanso madzi akachuluka posakaniza, monga amachitira anyamata ofuna kuti fosholo ipepuke, konkire imatuluka yofooka chifukwa madzi otsalawo amasiya timabowo mkati. Mfundo ziwirizi, yakuti posakaniza madzi achepe koma pambuyo pake achuluke, zimaoneka ngati zikutsutsana kwa munthu amene sanauzidwe chifukwa chake, ndipo pamalo omanga palibe amene ali ndi mpata wozifotokoza. Malo ake ndi m'kalasi.

N'chimodzimodzi ndi masamu. Khoma lotalika mamita 10 ndi kukwera mamita 3 lili ndi malo okwana masikweya mita 30, ndipo ngati mabuloko ake ndi aja a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba, kuphatikizapo mpata wa matope, sikweya mita iliyonse imadya mabuloko 12 ndi theka, kutanthauza mabuloko 375 tisanachotse mazenera ndi zitseko komanso tisanaonjezere oswekera m'njira. Wodziwa kuwerengera motere amatha kuuza mwininyumba ndalama zoti akonze ntchito isanayambe, ndipo mikangano yambiri ya amisiri ndi eni nyumba, ija yakuti matumba a simenti apita kuti, imayambira pa kusowa kwa luso limeneli osati pa kuba ayi. Kuwerenga pulani, kudziwa chifukwa chimene timaikira pulasitiki yotchinga chinyontho pamwamba pa maziko, kudziwa ntchito ya lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera, zonsezi n'zimene zimasiyanitsa munthu wouzidwa zochita ndi munthu woti n'kumusiyira nyumba.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinakhala maola angapo pamalo ena m'tauni muno pomwe ankamanga nyumba ya zipinda zinayi, ndipo pamenepo panali mtsikana wa pa atachimenti atavala ovolosi yomukulira, akugwira ntchito ndi bilidala wachikulire wa imvi. Ankayeza maziko a khitchini ya panja. Mkuluyo anakhoma chikhomo, nakoka zingwe ziwiri, nayeza masentimita 60 pa chingwe china ndi 80 pa chinzake, kenaka nasuntha chingwe mpaka mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo utakwana 100. Mtsikanayo anamwetulira n'kunena kuti, “Bambo, zimenezi tinaphunzira kusukulu, ndi lamulo la Pythagoras.” Mkuluyo anayankha kuti dzinalo sanalimvepo, koma njirayo anaitenga kwa amalume ake ndipo sinamunamizepo. Apa mtsikanayo anamusonyeza kuti pa nyumba yaikulu ndi bwino kuyeza mamita 3, 4 ndi 5, kapena 6, 8 ndi 10, popeza muyezo ukakhala waufupi, kaphonyedwe kakang'ono kamakula pofika kumapeto kwa khoma. Mkuluyo anayesa, napeza kuti ngodya inathawa ndi chala chimodzi, ndipo anazula chikhomo osatsutsa.

Masana zinthu zinatembenuka. Atapatsidwa chipande kuti asanje mzere wake, mtsikanayo ankatapa matope ochuluka, ena n'kumagwera pansi, ndipo buloko iliyonse ankaiika, kuichotsa, kuiikanso, matope n'kuyamba kuuma asanakhutire. Mkuluyo anamugwira dzanja nati, “Mwana wanga, chipande ichi si choomolera nsima. Tapa pang'ono, yala kamodzi, ika buloko, gogoda kawiri, diso likhale pa chingwe osati pa buloko.” Pofika madzulo mzere wake unali wowongoka, ngakhale kuti mkuluyo anali atasanja mizere itatu pa nthawi imene iye anasanja umodzi. Zimene anaphunzira masana amenewo palibe buku limene likanamupatsa: kulemera kwa matope oyenera pa chipande, kamvekedwe ka buloko yokhala bwino, ndi kugawa mphamvu kuti thupi lifike madzulo.

Pali zinanso zimene malo omanga amaphunzitsa mwakachetechete. Wophunzira amaona mmene ntchito zimadikirirana, kuti wa mapaipi ndi wa magetsi ayenera kudutsa wa pulasitala asanatseke khoma, ndi kuti kuchedwa kwa galimoto ya mchenga kumaimitsa anthu khumi amene ayenera kulipidwabe. Amaphunzira kulankhula ndi mwininyumba amene wasintha maganizo khoma litafika pa lintala, pamwamba pa zitseko ndi mazenera. Amadziwana ndi anthu, ndipo m'ntchito imeneyi ganyu wotsatira amabwera kudzera mwa amene anakuona ukugwira ntchito, osati kudzera m'nyuzipepala.

Maiko amene njira imeneyi inakhazikika anaimanga pa malamulo olimba. Ku Germany, kumene lamulo la maphunziro a ntchito linakhazikitsidwa mu 1969, wophunzira amasaina pangano ndi kampani, amalandira malipiro mwezi uliwonse, amakhala masiku atatu kapena anayi pa sabata kuntchito ndipo otsalawo kusukulu, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka. M'ntchito zomanga za kumeneko makampani onse amasonkha m'thumba limodzi, ndipo kampani imene yatenga wophunzira imabwezeredwa gawo la ndalama zimene yaononga, kotero kuti wophunzitsa saluza poyerekeza ndi amene amangodikira kulemba amisiri ophunzitsidwa ndi ena. Ku South Africa, kumene ana ambiri a boma lino amapita kukagwira ntchito, olemba ntchito amasonkhanso 1 peresenti ya malipiro. Chofunika kuona m'zitsanzozi n'chakuti nthawi ya kuntchito siisiyidwa kuti iyende mwamwayi: pamakhala munthu wodziwika amene udindo wake ndi kuphunzitsa, ndi mndandanda wa zimene wophunzira ayenera kukhudza ndi manja ake.

Apa m'pamene ife timapunthwa, ndipo ndikuona kuti mbali yofooka ya dongosolo lathu si kalasi koma atachimenti. Choyamba, malo ndi osowa. Makampani akuluakulu omanga ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo amafika ku Mangochi pokhapokha pakagwa ntchito yaikulu, monga mmene zinalili pokonzanso msewu wa Liwonde–Mangochi. Ntchito ikatha amanyamula makina awo n'kubwerera. Kontirakitala wamng'ono amakhala ndi ntchito miyezi itatu, kenaka miyezi inayi ali chete akudikira kulipidwa, ndipo sangalonjeze wophunzira chaka chathunthu. Nyengo nayo ili ndi mawu ake, chifukwa mvula ikayamba ntchito zambiri zimaima, ndipo wophunzira amene nthawi yake ya kuntchito yagwera mu Januwale akhoza kuithera pansi pa mtengo.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandipweteka mtima, wophunzira akhoza kupeza malo koma osaphunzira kanthu. Kapitawo amene akuthamangitsana ndi tsiku lomalizira ntchito amaona mwana wa kukoleji ngati manja aulere, amamupatsa wilibala Lolemba m'mawa ndipo amamulanda Loweruka masana, miyezi isanu ndi umodzi n'kutha asanagwire levulo. Kukankha wilibala si chipongwe, ndipo mmisiri aliyense ayenera kudziwa kulemera kwake, pakuti kuthyola ndiwo n'kuwerama. Koma mwana amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire umisiri akabwerera kukoleji atangodziwa njira ya pakati pa mulu wa mchenga ndi posakanizira matope, wabedwa nthawi imene sadzaipezanso. Aphunzitsi a kukoleji amayenera kuyendera ophunzira awo kumalo a ntchito, ndipo pomwe kuyenderako kwachitika mokhulupirika kapitawo amasintha kachitidwe, koma pomwe mafuta a galimoto asowa wophunzirayo amakhala yekha.

Chachitatu ndi moyo wa wophunzirayo. Mwana wochokera kwa Makanjira akapeza malo ku Blantyre ayenera kupeza pogona, chakudya ndi zoyendera, ndipo alawansi ikachedwa kapena ikachepa amasiya maphunziro n'kukalowa maganyu. Chitetezo nachonso n'chosowa m'malo ang'onoang'ono, kumene anthu amakwera nsanja ya mitengo yomangidwa ndi zingwe atavala masilipasi, ndi kusakaniza simenti ndi manja osavala kanthu, pomwe simenti yonyowa imawotcha khungu. Malamulo alipo: lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, lamulo la 2000 la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, ndi lamulo la zantchito la chaka chomwecho limene limaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Wophunzira wopita ku atachimenti popanda pangano lolembedwa amakhala wosadziwika kuti akavulala amuthandize ndani. Kwa atsikana pamaonjezerekanso mtolo wina, wa mawu achipongwe, kusowa kwa chimbudzi chawo, ndi akuluakulu ena amene amafuna kusinthanitsa siginecha ndi thupi. Koleji imene imatumiza mtsikana kumalo otere osamupatsa munthu woti akadandaulire yalephera udindo wake.

Kwa Mangochi, ndikukhulupirira kuti yankho lalikulu lili mwa amisiri ang'onoang'ono omwe aja amene akumanga kale nyumba zathu. Iwo ndiwo ali ndi ntchito chaka chonse, ali pafupi ndi makwawo a ophunzira, ndipo ambiri ali ndi mtima wophunzitsa ngati wa mkulu wa imvi uja. Chimene akusowa ndi kuzindikiridwa. TEVETA ili ndi dongosolo loyesa munthu amene anaphunzira ntchito payekha ndi kumupatsa satifiketi ya luso limene ali nalo kale, ndipo bilidala wotere akayesedwa, n'kuphunzitsidwa pang'ono za kaphunzitsidwe ndi chitetezo, akhoza kukhala malo ovomerezeka otumizako ophunzira. Phindu limapita mbali zonse ziwiri, chifukwa ntchito yomanga ikusintha mofulumira. Kuyambira 2018, malamulo amene anadzera ku bungwe la National Construction Industry Council, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti liziyang'anira ntchito zomanga, amaletsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mmisiri wozolowera njerwa za uvuni ayenera kuphunzira mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopanikizidwa pa makina. Namondwe Freddy wa mu 2023, ndi kukwera kwa nyanja mu 2024 kumene kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja m'boma lino, zinaonetsa kuti kutalika kwa maziko, mtundu wa dothi ndi kamangidwe ka denga si nkhani za akatswiri a mapulani okha. Mchenga wa kugombe, makande a m'madambo amene amatupa ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe, ndi miyala ya kumapiri a Namwera zimafuna maziko osiyana, ndipo wophunzira wobwera ndi mfundo za m'kalasi akakumana ndi mmisiri wodziwa dothi la deralo, onse awiri amatuluka atapindula.

Komabe mmisiri mmodzi sangaphunzitse zonse. Amene amamanga nyumba zogona zokhazokha sangasonyeze wophunzira kamangidwe ka zitsulo za nyumba yosanjikizana kapena ngalande za msewu, n'chifukwa chake ndi bwino kuti nthawi za atachimenti zigawidwe kwa olemba ntchito osiyanasiyana, wamng'ono chaka chino, wamkulu chaka chamawa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Wachinyamata amene akuganiza zolowa njira imeneyi, pamodzi ndi makolo ake, ayambe watsimikiza kuti sukulu imene akufuna ndi yolembetsedwa ku TEVETA, popeza pali masukulu ena amene amatolera ndalama n'kupereka mapepala osadziwika kwina kulikonse. Makoleji akuluakulu amafuna satifiketi ya MSCE, ndipo masamu ndi sayansi zimathandiza kwambiri. Afunse asanalipire kuti malo a atachimenti amapeza ndani, koleji kapena wophunzira, ndi kuti aphunzitsi amayendera kangati. Akafika kuntchito adziwe dzina la mmisiri amene waikidwa kuti amuphunzitse, apemphe kuti nthawi, alawansi ndi za chithandizo akavulala zilembedwe, ndipo asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Wophunzira amapatsidwa buku lolembamo ntchito zimene wagwira, limene womuyang'anira amasainira, ndipo bukuli ena amalidzaza usiku umodzi atachimenti ikutha, kukopera za anzawo. Kutero n'kudzipha yekha, chifukwa buku lolembedwa moona ndilo limasonyeza msanga kuti milungu itatu yadutsa pa wilibala, ndipo limapatsa wophunzira poyambira polankhula ndi kapitawo mwaulemu kuti sabata yamawa amuike pakhoma.

Mtsikana uja anandionetsa buku lake tisanasiyane. Pa tsiku limenelo analemba zinthu zitatu: kuyeza ngodya za maziko, kusanja mzere umodzi wa mabuloko 14, ndi kuphimba konkire ya pakhonde ndi masaka onyowa, zimene anachita atapempha kawiri chifukwa madzi ankagulidwa pa ndowa ndipo mwininyumba ankadandaula. Mkuluyo, amene kulemba kumamuvuta, anamuuza kuti amuwerengere mokweza asanasaine. Atamva, anamuuza kuti afufute 14 alembe 12, chifukwa mabuloko awiri a kumapeto anawakhazika ndi iyeyo.